Conques: kamudzi ka anthu ochepa kosunga tchalitchi cha mzinda waukulu

M'chaka cha 1341, a msonkho atafika pa Conques, kummwera kwa France, sanawerenge mitu ya anthu. Anawerenga moto. Khomo lililonse lofuka utsi ankalitenga ngati "feu" imodzi, kunena kuti mafuwa amodzi, ndipo anapeza 730. Poti pa mafuwa amodzi pamadyera anthu anayi kapena asanu, odziwa mbiri yakale amati pamalopo pankakhala anthu pafupifupi 3,000, zomwe zinkaika Conques pa nambala 7 mwa matauni a chigawo cha Rouergue. Lero chisanu chikafika alendo n'kubalalika, ogona m'mudzi weniweniwo sakwana 100. Koma tchalitchi chomwe anthu 3,000 aja ankapemphereramo chidakalipo chathunthu, denga lake lamkati lili mamita 22 kuchokera pansi, ndipo chuma chagolide chimene amonke anasonkhanitsa zaka 1,000 zapitazo chidakali pomwepo.

Munthu ukaona zimenezi, mafunso amabwera okha. Ndani anaganiza zomanga chinyumba chotere m'phompho? Anthuwo anapita kuti? Nanga otsalawo akwanitsa bwanji kusunga zonsezi? Mayankho ake akufotokozanso za midzi ina masauzande ya ku France, ngakhale yambiri ilibe mwayi womwe Conques ili nawo.

Conques ili kummwera kwa France, m'boma la Aveyron, chigawo cha Occitanie, makilomita osapitirira 40 kumpoto kwa mzinda wa Rodez. Mudziwu unakakamira pakhoma la phiri, pamwamba pa malo amene kamtsinje ka Ouche kamathira mu Dourdou. Chigwacho n'chozungulira ngati chigoba cha nkhono, ndipo dzinalo linachokera pamenepo, ku mawu a Chilatini akuti "concha". Malo athyathyathya kulibe. Nyumba zambiri ukalowera kumsewu wakumtunda umapezeka uli m'chipinda chapamwamba, ukalowera kumsewu wakumunsi uli m'chipinda chapansi. Makoma ndi a mwala wotuwa wosakaniza ndi matabwa, madenga anafoleredwa ndi miyala yopyapyala yosanjikizana ngati mamba a nsomba, yomwe eni ake amati lauze. Nthaka yake njosabereka kwenikweni. Tirigu sachita bwino, ndipo kwa zaka mazanamazana chimene chinkapulumutsa anthu ku njala ndi mtedza wa m'mitengo ikuluikulu yotchedwa châtaignier, womwe ankauyanika pa utsi m'timanyumba tamiyala n'kumadya mpaka chaka chizungulire.

Malo ngati amenewa amakopa munthu wofuna kuthawa anthu anzake. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 700, munthu wina dzina lake Dadon anakhazikika kumeneko kuti azipemphera yekha. Ena anamutsatira, pakabadwa nyumba ya amonke otsata malamulo a Benedikito Woyera, ndipo mu 819 mfumu Louis le Pieux, mwana wa mfumu yaikulu Charlemagne, inaiika pansi pa chitetezo chake. Komabe chitetezo cha mfumu sichikanabweretsa khamu. Masiku amenewo nyumba ya amonke inkatchuka ndi mafupa a woyera amene ikusunga. Anthu ankakhulupirira kuti woyera amamva bwino ukamupempha uli pafupi ndi thupi lake, choncho komwe kunali mafupa kunkapita odwala, komwe kunkapita odwala kunkapitanso zopereka. Conques inalibe woyera wodziwika.

Ku Agen, ulendo wa masiku angapo kumadzulo, kunali manda a mtsikana wotchedwa Foy, dzina lotanthauza chikhulupiriro. Mbiri ya Mpingo imati anali wa zaka ngati 12 pomwe anaphedwa mu 303, nthawi ya mfumu Diocletian ya Aroma, atakana kupereka nsembe kwa milungu ya boma. Amonke a ku Conques analemba okha mmene mafupa ake anafikira kwawo. Akuti mmodzi wa iwo, Ariviscus, anapita ku Agen ngati mlendo wamba, nakhala kumeneko zaka 10 akutumikira mokhulupirika mpaka anamupatsa udindo wolonda mandawo. Tsiku lina la chikondwerero, anzake ali pa chakudya, anaswa manda n'kuthawa ndi mafupa. Izi zimaikidwa cha m'ma 866. Kuba ndi kuba, ndipo a ku Agen anali ndi chifukwa chomveka chokwiyira. Chofunika kumvetsa n'chakuti amonkewo sankabisa nkhaniyi, ankainyadira. Kwa iwo, woyera sanganyamulidwe iye asakufuna. Ngati Foy analola kuchoka ku Agen, ndiye kuti anasankha yekha Conques.

Mbali ya chigaza cha mtsikanayo anaiika m'chifanizo chomwe mpaka lero ndicho chimaitana anthu. Ndi chachifupi, masentimita 85 okha, chosemedwa pamtengo n'kukutidwa ndi golide ndi siliva. Chakhala pampando wachifumu, msana uli chilili, manja atatambasukira kutsogolo, maso akuluakulu ali tong'o osaphethira. Mutu wake ndi waukulu poyerekeza ndi thupi, ndipo nkhopeyo si ya mwana wamkazi ayi. Akatswiri anapeza kuti mutuwo ndi wakale kuposa thupi, wa kumapeto kwa ulamuliro wa Aroma, ndipo amonke anangoutenga n'kuugwiritsanso ntchito. Thupi lonse ladzaza miyala yamtengo wapatali yomwe anthu ankapereka mibadwo ndi mibadwo, ina yozokotedwa nkhope za mafumu ndi milungu ya Aroma, milungu yomweyo imene Foy anafera poikana.

Mphunzitsi wina wa ku Angers, Bernard, anafika mu 1013 ali ndi chikayiko. Kwawo kumpoto zifanizo zoterezi sizinali zozolowereka, ndipo poyamba anaona ngati anthu akugwadira fano. Atakhalitsa anasintha maganizo, nayamba kulemba zozizwitsa zomwe ankamva. Kuchokera m'zolemba zake timadziwa za Guibert, munthu amene anakolowoledwa maso koma akuti anaonanso, komanso za akaidi omwe ankati Foy wawamasula, n'kubwera atasenza maunyolo awo kudzawasiya m'tchalitchi. Muli nkhani za amayi olemera amene Foy ankawadzera kutulo kuwalamula kuti apereke mphete kapena zibangili zawo. Mulinso nkhani imene ine imandikhudza kuposa zonse: anthu wamba ankachezera usiku wonse m'tchalitchi akuimba nyimbo zakumudzi, amonke n'kunyansidwa nazo mpaka kuwatsekera kunja, koma akuti zitseko zinatseguka zokha. Kaya munthu akhulupirira chozizwitsacho kaya ayi, nkhaniyi ikuonetsa kuti amonkewo anavomereza kuti woyerayo ndi wa alimi osaphunzirawo monga momwe alili wawo.

Nthawi yomweyo njira yopita ku Santiago de Compostela ku Spain, komwe amati kuli manda a mtumwi Yakobo, inayamba kudzaza. Episkopi Godescalc wa ku Le Puy-en-Velay anayenda ulendowo cha m'ma 950, ndipo njira yochokera ku Le Puy inadzadutsa pa Conques. Amwendamnjira ankafuna pogona, chakudya, nsapato, makandulo. Amisiri ndi amalonda anamanga nyumba kumtunda kwa amonke, tauni n'kuzingidwa ndi linga lokhala ndi zipata, zomwe zina zidakalipo monga Porte du Barry ndi Porte de la Vinzelle. Tchalitchi chakale chinachepa. Mkulu wa amonke Odolric, amene analamula kuyambira 1031 mpaka 1065, anayambitsa chatsopano, ndipo ntchito inatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100. Bégon III, mkulu wa amonke kuyambira 1087 mpaka 1107, ndiye anamanga bwalo lamkati la amonke n'kuwonjezera ziwiya zagolide zambiri.

Mamangidwe a tchalitchichi amamveka bwino ukakumbukira kuti anachimangira khamu loyenda. Popeza malo anali opanikizika pakati pa phiri ndi phompho, sichitalika kwambiri, mamita ngati 56, koma chinakwera m'mwamba. M'mbali muli tinjira, ndipo kuseri kwa guwa kuli kanjira kozungulira kokhala ndi timatchalitchi ting'onoting'ono. Anthu ankalowera mbali imodzi, kuzungulira kuseri kwa guwa kuona mafupa, n'kutulukira mbali ina, amonke ali pakati akupitiriza mapemphero awo osasokonezedwa. Pakati pa khamu ndi chuma panaikidwa mipanda yachitsulo yopotedwa mwaluso, yomwe mbiri ya pamalopo imati inasulidwa kuchokera ku maunyolo a akaidi aja. Miyala yomangira ndi yamitundu itatu: yofiira, yachikasu ndi yotuwa, choncho khoma limasintha maonekedwe dzuwa likamapendeka.

Pamwamba pa khomo lalikulu ndi pomwe munthu amaima nthawi yaitali. Pali chosema cha chiweruzo chomaliza, mamita 6.70 m'lifupi ndi 3.60 m'litali, chokhala ndi zithunzi 124 za anthu, angelo ndi ziwanda. Utoto wina wabuluu ndi wofiira ukuonekabe, umboni woti kale chonsecho chinali chopakidwa mitundu yowala. Pakati pali Khristu, dzanja lamanja atalikweza kulozera opulumuka, lamanzere atalitsitsa kulozera otayika. Kudzanja lake lamanja zinthu zili mwadongosolo: Maria ali patsogolo, kenako Petulo ndi kiyi wake, kenako Dadon, kenako mkulu wa amonke atagwira dzanja mfumu Charlemagne ngati akutsogolera mwana. Uthenga wake ngosabisika, mfumu imalowa kumwamba mogwiridwa dzanja ndi Mpingo. Pakona pali Foy atagwada mpaka pansi, dzanja la Mulungu likutuluka mumtambo kumudalitsa, kumbuyo kwake maunyolo atapachikidwa.

Pansi pa mapazi a Khristu, mngelo Mikayeli ndi chiwanda akuyeza mzimu pa sikelo. Chiwandacho chikumwetulira, chala chake chikukanikiza mbale ya sikelo kuti ipendekere kwa icho, koma sikeloyo ikupendekerabe kwa mngelo. Aliyense amene anagulitsapo mbewu kwa wogula wachinyengo achizindikira chala chimenecho. Kumanzere kuli chipwirikiti. Chilombo chayasamula kukamwa, chiwanda chikukankhiramo anthu ndi chibonga. Waumbombo wapachikidwa thumba lake la ndalama lili m'khosi, chule ali kumapazi. Wamiseche akumuzula lilime. Msilikali wodzikuza akugwa pa kavalo chadodolido. Wopanga ndalama zachinyengo akumumwetsa chitsulo chosungunuka. Wosaka nyama m'nkhalango ya eni wamangidwa pamtengo, akuwotchedwa ngati nyama, ndipo mmodzi mwa ogwira mtengowo ndi kalulu. Amonke oipa, episkopi ndi mfumu nawonso alimo, wosemayo sanakondere. Mzere wa Chilatini pansi pake ukuchenjeza ochimwa kuti akapanda kusintha makhalidwe, chiweruzo chowawa chikuwadikira. Ndipo m'mphepete mwenimweni mwa chosemacho muli tinkhope ting'onoting'ono tikusuzumira, maso ndi zala zokha zikuoneka ngati ana pa mpanda. Eni ake amatitchula kuti "les curieux", achidwi.

Kutsika kwa Conques kunayamba kalekale, magalimoto ndi mafakitale kusanabwere. Mliri waukulu wa 1348 unapulula anthu, nkhondo yaitali ya France ndi England n'kuwonjezera mavuto. Maulendo achipembedzo anazilala. Mu 1537 amonke anamasulidwa ku malamulo a Benedikito n'kukhala ansembe okhala m'nyumba zawozawo, ambiri olemera, ena osakhalanso pamalopo. Mu 1568, pa nkhondo za pakati pa Akatolika ndi Apulotesitanti, tchalitchi chinatenthedwa, koma sichinagwe. Pofika m'ma 1700 Conques inali itasanduka mudzi wa amphawi. Mu 1771 wansembe wa parishi, poyankha mafunso a episkopi wa ku Rodez, anadandaula kuti kulibe malonda chifukwa kulibe msewu woti ngolo n'kudutsa, ndi kuti mabanja ambiri amatha theka la nthawi alibe buledi. Kutatsala pang'ono kuti anthu aukire ufumu wa France, m'mudzimo munali anthu pafupifupi 630.

Anthu osaukawa ndi amene anachita chinthu chomwe Conques ikudyerabe mpaka lero. Anthu wamba ataukira ufumu mu 1789, boma latsopano linalanda katundu wa Mpingo, ndipo m'zaka zotsatira linalamula kuti ziwiya zagolide ndi zasiliva za m'matchalitchi zisungunulidwe kuti zilipirire nkhondo. M'dziko lonse chuma chambiri chotere chinathera m'ng'anjo. A ku Conques anagawana chawo n'kukachibisa m'nyumba, m'makoma ndi m'timanyumba toyanikira mtedza tija. Zinthu zitadekha anachibweza. Taganizirani banja logona ndi njala, lili ndi golide kuseri kwa khoma, osamugulitsa. Chifukwa cha iwo, Conques ili m'gulu la malo ochepa kwambiri ku France komwe chuma cha amonke cha zaka za m'ma 800 mpaka 1100 chikupezekabe pamalo pake, kuphatikizapo bokosi la mafupa lotchedwa la Pépin ndi chiwiya chooneka ngati chilembo A chomwe amachitcha cha Charlemagne.

Koma tchalitchicho chinali pafupi kugwa. Bwalo la Bégon linagumulidwa cha m'ma 1830, miyala yake anthu n'kumangira nyumba. Mu 1837 kunafika Prosper Mérimée, yemwe boma linamupatsa ntchito yoyendera nyumba zakale, ndipo analemba kuti sanayembekezere kupeza chuma chochuluka chotero m'chipululu ngati chimenecho. Lipoti lake linachititsa kuti tchalitchicho chilowe m'ndandanda wa zotetezedwa ndi boma ndi kuti ndalama zokonzera zipezeke. Mu 1873 episkopi wa ku Rodez anabweretsa ansembe a chipani cha Prémontré, ovala zoyera, omwe alipobe mpaka pano. Nsonga za nsanja ziwiri zakutsogolo, zomwe alendo ambiri amaziyesa zakalekale, zinamangidwa mu 1881.

Apa tiyenera kuima pang'ono pa mawu akuti "mudzi", chifukwa ziwerengero za ku France zimasokoneza ukapanda kudziwa chimene chikuwerengedwa. Boma la France siliwerenga midzi, limawerenga ma commune. Commune ndi dera laling'ono kwambiri la ulamuliro, lokhala ndi malire, khonsolo yosankhidwa ndi anthu, meya, bajeti ndi ofesi yake yotchedwa mairie. Anawakhazikitsa mu Disembala 1789, makamaka potsata malire a maparishi akale, ndipo n'chifukwa chake alipo ambiri chonchi, pafupifupi 35,000 lero. Paris ndi commune. Rochefourchat, m'boma la Drôme, komwe kwa zaka zambiri kalembera ankapeza munthu mmodzi yekha, ndi commune. Pafupi ndi tauni ya Verdun pali ma commune 6 opanda munthu ndi mmodzi yemwe, omwe anaphwasulidwa pa nkhondo mu 1916 koma boma limawasungabe m'mabuku polemekeza akufa. Pafupifupi theka la ma commune onse lili ndi anthu osakwana 500.

Meya wa kumudzi si nyakwawa. Udindowu sayenda nawo m'magazi ndipo sagawa malo. Anthu amasankha makhansala zaka 6 zilizonse, makhansalawo n'kusankha mmodzi mwa iwo kukhala meya. Commune ya anthu osakwana 100 imakhala ndi makhansala 7, ya anthu 100 mpaka 499 imakhala ndi 11. Meya amalemba obadwa ndi omwalira, amamangitsa maukwati a boma, amayang'anira misewu ing'onoing'ono, manda ndi nyumba ya sukulu ya pulayimale. Palinso katundu wina wolemera: kutsatira lamulo la 1905 lolekanitsa Mpingo ndi boma, matchalitchi a parishi omangidwa chakacho chisanafike ali m'manja mwa commune. Ansembe amapemphereramo, koma denga likadontha mwini nyumba ndi khonsolo. Kwa Conques izi zikutanthauza kuti anthu mazana ochepa ndiwo eni a nyumba yomwe dziko lonse lapansi limati ndi yamtengo wapatali, ndipo popanda thandizo la boma lalikulu sakanaikwanitsa.

Kalembera amayendetsedwa ndi bungwe la INSEE. Kuyambira 2004, m'ma commune a anthu osakwana 10,000 amawerenga khomo ndi khomo kamodzi pa zaka 5 zilizonse. Munthu amawerengedwa komwe amakhala nthawi yambiri ya chaka, choncho wa ku Paris kapena Toulouse amene ali ndi nyumba yopumulirako ku Conques sawerengedwa ngati wa pamudzipo. Nambala imeneyi si yongosungira m'mabuku. Ndalama zomwe boma limatumiza ku khonsolo zimadalira kwambiri chiwerengerocho, ndipo kalasi kusukulu imatsekedwa kapena kutsala malinga ndi ana omwe alipo. Ndiye mukawerenga kuti Conques inali ndi anthu osakwana 300 isanafike 2016, dziwani kuti nambalayo ikuphatikiza mudzi weniweni ndi timidzi ndi mafamu omwazikana m'mapiri ozungulira. M'zaka za m'ma 1800 dera lomwelo linali ndi anthu opitirira 1,000.

Anthuwo anachoka pang'onopang'ono, banja ndi banja. Boma lonse la Aveyron linafika pachimake mu 1886 ndi anthu pafupifupi 415,000, pomwe lero lili ndi pafupifupi 280,000. Kachilombo ka phylloxera kanapha minda ya mpesa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo alimi a m'mapiri omwe ankadalira vinyo kuti apeze kandalama anatsala manja ali m'khosi. Pafupi pomwepo, ku Decazeville, migodi ya malasha ndi ng'anjo zachitsulo zinkalemba anthu ntchito ya malipiro, chinthu chimene munda wa pakhoma la phiri sukanapereka. Ena anakwera sitima kupita ku Paris, komwe anthu a ku Aveyron ndi a chigawo choyandikana nacho cha Auvergne anatchuka ndi kusenza madzi, kugulitsa malasha ndi vinyo, kenako kukhala eni malo omwera khofi. Wofika kale ankaitana mphwake, mphwakeyo n'kudzaitana mnzake wa kumudzi. Ena anawoloka nyanja: mu 1884 mabanja pafupifupi 40 a ku Aveyron anakakhazikitsa tauni ya Pigüé ku Argentina. Nkhondo ya 1914 mpaka 1918, yomwe inapha asilikali a France pafupifupi 1.4 miliyoni, inatenga anyamata amene akanakwatira n'kubereka, ndipo mayina awo ali pa zipilala zachikumbutso pafupifupi m'mudzi uliwonse. Nkhondo yachiwiri itatha, thalakitala inamaliza ntchitoyo. Munda womwe unkafuna manja 10 unayamba kufuna awiri, ndipo minda yotsetsereka yomwe thalakitala singakwere inabwerera kutchire.

Chodabwitsa n'chakuti umphawi womwewo ndi umene unasunga maonekedwe a mudziwu. Kunalibe ndalama zogumulira nyumba zakale n'kumanga zamakono, kunalibe msewu waukulu kapena njanji yodula pakati. Alendo atayamba kufunafuna malo otere, Conques inali chikhalire. Ili m'bungwe la Les Plus Beaux Villages de France, lomwe linayamba mu 1982. Mu 1998 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika tchalitchichi ndi mlatho wa pa Dourdou m'ndandanda wa chuma cha dziko lonse, monga mbali ya njira za ku Santiago zodutsa mu France. Njira yakale ija lero ndi njira ya oyenda pansi yotchedwa GR 65, yolembedwa ndi timizere tofiira ndi toyera pamiyala ndi pamitengo, ndipo kuchokera ku Le Puy kufika ku Conques ndi makilomita pafupifupi 200, ulendo wa masiku ngati 10 wapansi.

Chinthu chatsopano kwambiri m'tchalitchimo ndi mawindo. Pierre Soulages, wojambula wobadwira ku Rodez mu 1919 yemwe anatchuka ndi zithunzi za utoto wakuda, ankanena kuti ndi m'nyumba imeneyi momwe anatsimikiza mtima, ali mwana wasukulu, kuti moyo wake udzakhala wa luso. Boma litamupatsa ntchito yokonza mawindo 104, anakana magalasi amitundumitundu. Anayesa kambirimbiri mpaka anapeza galasi loyererako, losaonekera kunja, lolowetsa kuwala kokha, n'kulidula ndi mizere yakuda yopindika motsata makoma. Anagwira ntchitoyi ndi mmisiri wa magalasi Jean-Dominique Fleury, ndipo inatha mu 1994. Ambiri pamudzipo sanakondwe nazo poyamba, poti anazolowera mawindo a zithunzi za oyera. Ine ndimaona kuti Soulages analondola. Galasi lofiira ndi labuluu likanaphimba mitundu itatu ya miyala ija, pomwe lakeli limaisiya kuti ioneke, ndipo lokha limasintha, m'mawa lotuwira kubuluu, madzulo lofundira. Iye anamwalira mu 2022 ali ndi zaka 102.

Masiku ano alendo ofika pa Conques pachaka amawerengeredwa pa theka la miliyoni kapena kupitirira. Gawani nambalayo ndi anthu osakwana 100 ogona pamudzipo chaka chonse, muona kulemera kwake. M'miyezi yotentha tinjira timadzaza, magalimoto amaimikidwa kunja kwa mudzi, malo odyera ndi ogona amagwira ntchito usana ndi usiku. Ansembe ovala zoyera aja amalandira oyenda pansi m'nyumba ya alendo kuseri kwa tchalitchi, ndipo madzulo mmodzi wa iwo amaima pabwalo kufotokoza chosema cha pakhomo chija chithunzi ndi chithunzi. Mu Okutobala, pa chikondwerero cha Foy Woyera chomwe tsiku lake ndi pa 6, chifanizo chagolide chimatulutsidwa m'nyumba yosungiramo chuma n'kunyamulidwa pa mdipiti. Kenako masitolo ambiri amatseka mpaka chisanu chithe.

Ndalama za alendo ndi zenizeni, ndipo midzi yoyandikana nayo yopanda tchalitchi chotchuka ingakonde itakhala nazo. Koma sizibweza anthu okhazikika. Nyumba ikagulitsidwa, wogula nthawi zambiri amakhala wofuna kuchitiramo malonda a alendo kapena kudzapumulamo masabata ochepa pachaka, ndipo mtengo umakwera kupitirira thumba la banja lachinyamata. Kukonza nyumba m'dera lotetezedwa kumafuna chilolezo cha katswiri wa boma woona za nyumba zakale, ndipo denga la lauze ndi lodula. Masitepe ndi zitunda zimavuta nkhalamba ndi amayi okankha ana. Ntchito zambiri ndi za miyezi yochepa. Mudzi ukhoza kukhala wokongola, wotchuka, wopeza bwino, koma mazenera owala usiku wa mu Januwale n'kukhala owerengeka pa zala.

Pa 1 Januwale 2016, commune ya Conques inaphatikizana ndi Grand-Vabre, Noailhac ndi Saint-Cyprien-sur-Dourdou kupanga Conques-en-Rouergue, ya anthu pafupifupi 1,600. Lamulo la 2010 ndilo linatsegula njira imeneyi, ndipo la 2015 linalonjeza kuti ophatikizana sadzadulidwa ndalama za boma kwa zaka zingapo pomwe ena ankadulidwa. Ma commune ambiri analowa m'maukwati oterewa nthawi imeneyo, chiwerengero chawo m'dziko n'kutsika kuchoka pa 36,000 ndi kupitirira. Kwa Conques nzeru yake inali yoonekeratu: uku kuli dzina ndi alendo, ku Saint-Cyprien kuli chigwa chotakasuka, anthu ambiri ndi masitolo otsegula chaka chonse. Midzi yakaleyo inasunga mayina ake ndi oiimira ake. Koma wowerenga ziwerengero asamale. Akaona Conques ikudumpha kuchoka pa anthu 200 ndi kanthu kufika pa 1,600 m'chaka chimodzi, asaganize kuti anthu abwerera. Malire ndiwo anasuntha.

Woyenda pansi amanyamuka m'mamawa, alendo a pa basi asanafike. Amatsika ndi msewu wotsetsereka wa Charlemagne, kudutsa pansi pa Porte du Barry, mpaka kumtsinje. Mlatho wa pa Dourdou ndi wa 1410. Ambiri amautcha "wa Aroma", koma dzinalo linachokera ku mawu a Occitan, chinenero chakale cha m'derali, otanthauza amwendamnjira. Kutsidya njira imakwera molimba m'nkhalango ya mitengo ya châtaignier yomwe masiku ano mtedza wake wambiri umangowolera pansi. Pakati pa chitundacho pali katchalitchi kakang'ono ka Foy Woyera kokhala ndi belu, ndipo mwambo ndi wakuti wodutsa aliyense akoke chingwe kuti a kumudzi amve kuti wafika pamenepo. Akacheuka amaona Conques yonse kutsidya, nsanja zitatu ndi madenga otuwa, utsi ukufuka pa nyumba zochepa. Kuchokera apo njira imalowera ku Decazeville, komwe mgodi womaliza unatsekedwa mu 2001, ndipo ku Santiago kumakhala kutatsala makilomita pafupifupi 1,300.